Nchifukwa chiyani Yesu anagonekedwa modyera ziweto?

Disembala akangofika mkangano uja umadzukanso basi. Wina amalemba kuti Yesu anabadwira m'khola, mnzake nkumuyankha kuti aonetse vesi yomwe ikutchula khola, wina nkubwera ndi chithunzi cha phanga la ku Betelehemu, pomwe ena akuti ayi abale inali nyumba wamba ngati nyumba ina iliyonse. Owerenga amangotsala kukamwa yasa, ena mpaka kuyamba kuganiza kuti mwina nkhani yonseyi ilibe poima. Chonsecho aliyense mwa anthu akukanganawa ali ndi pogwira. Koma pali chinthu chimodzi chomwe palibe amachitsutsa, mwanayo anagonekedwa modyera ziweto, ndipo tanthauzo lomwe Akhristu amaliona pa nkhaniyi lagona pamenepo kuposa pa mtundu wa denga lomwe linali pamwamba pake.

Zomwe zinalembedwa ndi zomwe tinaonjezera

Mwa mabuku anayi a Uthenga Wabwino, awiri okha ndi amene amakamba za kubadwa kwa Yesu, Mateyu ndi Luka. Maliko amayambira pa ubatizo Yesu ali wamkulu kale, Yohane amayambira kutali kwambiri dziko lisanalengedwe.

Nkhani ya modyera ziweto ili pa Luka 2:1-20. Kaisara Augusto walamula kalembera, Yosefe wanyamuka ku Nazarete ku Galileya kupita ku Betelehemu kwao kwa makolo ake, ulendo wa makilomita oposa 100, ali ndi Mariya yemwe ndi woyembekezera. Ali komweko masiku anakwana, mwana anabadwa, mayi ake anamukulunga m'nsalu nkumugoneka modyera ziweto chifukwa anasowa malo. Kubadwa kwenikweniko Luka wakupatsa vesi imodzi yokha, ya 7. Simupezamo mwini hotelo wokwiya akutseka chitseko, simupezamo bulu amene Mariya anakwera, ngakhale zoti anachira usiku womwe anafikawo mulibemo. Zonsezi zinabwera ndi masewero, nyimbo ndi zojambula, ndipo tinazizolowera mpaka timaona ngati tinaziwerenga.

Koma Mateyu satchula nkomwe modyera. Iye akuti anzeru a kum'mawa analowa m'nyumba (Mateyu 2:11), sanena kuti anali angati, amangotchula mphatso zitatu, golide, lubani ndi mure. Ndipo poti Herode analamula kupha ana a zaka ziwiri kutsika m'munsi, ambiri amaona kuti alendowa anafika patapita nthawi ndithu, osati usiku umodzi ndi abusa aja ngati mmene timawaimikira pamodzi pa makadi a Khrisimasi.

Khola, phanga kapena nyumba?

Ganizo la khola ndi losavuta kumvetsa komwe linachokera. Munthu akamva modyera ziweto maganizo amathamangira kukhola, basi.

La phanga ndi lakale kwambiri. Justin Martyr, mlembi wachikhristu yemwe anabadwira m'dera la Samariya, analemba cha m'ma 150 mpaka 160 kuti Yosefe atasowa malo m'mudzimo anakakhala m'phanga lapafupi. Origen, mphunzitsi wina wachikhristu, cha m'ma 248 ananena kuti ku Betelehemu anthu amaonetsa phanga lomwe Yesu anabadwira. Pamwamba pa phangalo mfumu Constantine ndi mayi ake Helena anamangitsa tchalitchi lomwe linapatulidwa mu 339, mfumu Justinian nkudzalimanganso m'zaka za m'ma 500, ndipo lilipo mpaka pano, UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2012. M'dera lamapiri limenelo kusunga ziweto m'mapanga, kapena kumanga nyumba kutsogolo kwa phanga, sinali nkhani yachilendo, ndiye phanga ndi khola sizitsutsana kwenikweni.

La nyumba ndi lomwe limadabwitsa anthu ambiri. Mawu achigiriki omwe Mabaibulo ambiri amati nyumba ya alendo pa Luka 2:7 ndi kataluma, ndipo Luka yemweyo anawagwiritsanso ntchito pa 22:11 ponena chipinda cha alendo chomwe Yesu anadyera Paska ndi ophunzira ake, pomwe pa fanizo la Msamariya wachifundo, pomwe malo ake ndi olipira zenizeni, anasankha mawu ena. Nyumba zambiri za anthu wamba nthawi imeneyo zinkakhala ndi chipinda chimodzi chachikulu cha banja lonse, mbali yotsikirapo nkumalowetsamo ziweto usiku kuopa akuba ndi kuzizira, modyera mwake muli pompo pamalire, ndiye ena ankakhala ndi kachipinda ka alendo pambali kapena pamwamba. Tikawerenga motero, kachipinda ka alendo kanali kodzaza ndi achibale obwera ku kalembera, Mariya nkuchilira m'chipinda cha banja, mwana nkugonekedwa pamalo okhawo omwe anali otetezeka kuti asapondedwe.

Akatswiri sagwirizana kuti mwa zitatuzi cholondola ndi chiti, ndipo iliyonse imasintha pang'ono kamvekedwe ka nkhani. Ya khola imatsindika kukanidwa, mogwirizana ndi Yohane 1:11 pomwe akuti anadza kwa ake koma ake sanamulandire. Ya nyumba imatsindika kuti anabadwa ngati mwana wina aliyense wa m'mudzi, m'chipinda chothithikana, pakati pa phokoso la anthu ndi fungo la ziweto. Ine ndimaona kuti ya nyumbayi siichepetsa kutsika kwake ngakhale pang'ono, mwinanso imakuonetsa bwino, chifukwa munthu wobadwira yekha kutchire amakhala ndi kachilendo kena komwe kamamupatula, pomwe wobadwira m'chipinda chodzaza ndi anthu osauka sasiyana ndi wina aliyense.

Nanga ng'ombe ndi bulu uja anachokera kuti?

Luka satchula nyama ngakhale imodzi. Ziwirizi zinachokera pa Yesaya 1:3, pomwe Mulungu akudandaula kuti ng'ombe imadziwa mwini wake, bulu amadziwa modyera mwa mbuye wake, koma anthu ake samuzindikira. Akhristu oyambirira atawerenga vesiyi pambali pa Luka anaona kuti zikulumikizana, ndipo pofika zaka za m'ma 300 amisiri osema miyala ku Roma anali atayamba kale kusema mwana ali modyera, ng'ombe uku bulu uku. Ndiye nyamazi sizinaikidwepo kuti chithunzi chikongole, zikufunsa woonayo funso, kuti nyama zamuzindikira, nanga inu?

Mwambo womanga kakhola ka Khrisimasi unafala kwambiri kuchokera kwa Francis wa ku Assisi. Mu 1223 pa mudzi wa Greccio ku Italy anakonzetsa modyera mwenimweni, udzu, ng'ombe yamoyo ndi bulu wamoyo, Misa nkuchitikira pamenepo, cholinga chake chinali chakuti anthu aone ndi maso awo mavuto omwe mwanayo anakumana nawo, asamangomva ndi makutu. Papa Francis anapita ku Greccio komweko pa 1 Disembala 2019 kukasainira kalata yokamba za tanthauzo la mwambowu.

Mafumu awiri omwe ali kumbuyo kwa nkhaniyi

Apa ndi pomwe ambiri timadumpha, timaona dzina la Augusto ngati deti chabe. Augusto analamulira kuyambira 27 BC mpaka AD 14, pa ndalama zake pankalembedwa kuti ndi mwana wa mulungu chifukwa Julius Caesar yemwe anamutenga kukhala mwana wake analengezedwa kuti ndi mulungu atamwalira. Ku Priene, mzinda womwe mabwinja ake ali ku Turkey masiku ano, kunapezeka mwala wolembedwa cha mu 9 BC womwe umamutcha Augusto mpulumutsi wothetsa nkhondo, nkunena kuti tsiku lake lobadwa ndi chiyambi cha uthenga wabwino ku dziko lonse.

Tsopano mverani zomwe mngelo akuuza abusa pa Luka 2:10-14. Uthenga wabwino, Mpulumutsi, Ambuye, mtendere pansi pano. Ndi mawu omwewo omwe anthu ankawamva ponena za mfumu ya ku Roma, koma awa akunenedwa za khanda la anthu omwe angokakamizidwa kuyenda mtunda wautali kuti akawerengedwe, ndipo kalembera wa Aroma cholinga chake chachikulu chinali msonkho. Wina akugwedeza dziko lonse ndi lamulo limodzi ali m'nyumba yachifumu, winayo alibe ndi pogona pomwe, ndipo Luka akuuza owerenga ake kuti maudindo aja ndi a wachiwiriyu. Za deti yeniyeni ya kalemberayu akatswiri a mbiri amakanganabe, popeza Josephus, wolemba mbiri wachiyuda, amaika kalembera wa Quirinius, kazembe yemwe Luka amamutchula, mu AD 6 pomwe Herode, yemwe Mateyu akuti Yesu anabadwa iye ali mfumu, anamwalira cha mu 4 BC, ndipo pali mafotokozedwe angapo. Koma kusiyanitsa mafumu awiriwa kuli poyera kaya munthu atsatira mbali iti.

Kwa Mateyu mfumu inayo ndi Herode. Makilomita 5 okha kuchoka ku Betelehemu Herode anamanga Herodium, linga ndi nyumba yachifumu pamwamba pa phiri lomwe analiunjikira dothi kuti litalike, pansi pake pali dziwe lalikulu ndi minda m'dera louma, ndipo limaoneka bwinobwino munthu ali ku Betelehemu. Anzeru aja anayamba kukafunsa ku Yerusalemu, kumene munthu aliyense woganiza bwino akanakafunira mfumu, alembi nkuwalozera ku Mika 5:2, vesi yomwe imati Betelehemu ndi wamng'ono pakati pa mabanja a Yuda. Mapeto ake banjali linathawira ku Iguputo usiku, mwana akadali wamng'ono nkukhala kale wothawa kwawo.

Modyera ngati chizindikiro

Luka amatchula modyera katatu, pa vesi 7, 12 ndi 16, ndipo kachiwiriko mngelo akuti ichi ndiye chizindikiro. Taganizani bwino pamenepa. Usiku umenewo kunali kuwala kwa ulemerero, kunali khamu la angelo, koma chozindikiritsa Mpulumutsi sichinali chimenecho ayi, abusa anauzidwa kuti akafune mwana wokulungidwa m'nsalu atagona modyera. Ulemerero unaonekera kubusa, koma pomwe panali mwanayo Luka satchula kuwala kulikonse. Kwa Akhristu apa ndiye pali mutu wa nkhani: kutsika kuja sikunali ngozi yomwe inagwera dongosolo la Mulungu, kapena manyazi oti tiwaphimbe ndi nyali zokongola, ndi njira yomwe Mulungu anasankha kuti adziwike nayo.

Nsalu zija zokha si chizindikiro cha umphawi, tisazisokoneze. Kukulunga khanda inali njira ya mayi aliyense wosamala, moti Ezekieli 16:4 pofotokoza mwana wotayidwa amati sanasambitsidwe, sanakulungidwe. Ndiye Yesu anali mwana wofunidwa, wosamalidwa, kungoti makolo ake analibe zambiri. Umboni womveka wa kusowa kwawo uli pa Luka 2:24, patapita masiku 40 atapita ku Kachisi anapereka njiwa ziwiri kapena maunda awiri. Lamulo la pa Levitiko 12 linkafuna mwana wa nkhosa wa chaka chimodzi ndi mbalame imodzi, mbalame ziwiri zinali za mayi amene sangakwanitse nkhosa. Luka safotokoza, amangotchula, koma wodziwa Chilamulo amamva pompo kuti banjali linali lotani.

Abusa aja nawonso ali ndi mbali ziwiri. Anali anthu ogona kunja, ogwira ntchito usiku ena ali mtulo, opanda dzina m'mudzi, ndipo zolemba za arabi za zaka za pambuyo pake zimawaika m'gulu la ntchito zosadalirika, ngakhale akatswiri amasiyana ngati maganizo amenewa analipo kale nthawi ya Yesu. Mbali inayo, Davide mwiniwake anaitanidwa kuchokera kubusa ku Betelehemu komweko kuti adzadzozedwe ufumu, ali wotsiriza m'banja moti bambo ake sanamuwerengere nkomwe poyamba (1 Samueli 16:11). Ndipo Mariya anali ataimba kale pa Luka 1:52-53 kuti Mulungu amatsitsa amphamvu pa mipando yawo nakweza onyozeka, amakhutitsa anjala nabweza olemera chimanjamanja. Usiku wa ku Betelehemu ndi nyimbo imeneyo ikuchitika pamaso.

Kudzikhuthula kwa Mulungu

Chiphunzitso chomwe chili pansi pa zonsezi ndi cha pa Yohane 1:14, Mawu anasandulika thupi. Msonkhano wa maepiskopi wa ku Chalcedon mu 451 unachifotokoza kuti Yesu ndi Mulungu weniweni komanso munthu weniweni, osati theka uku theka uku. Akatswiri a zaumulungu ali ndi liwu lachigiriki lakuti kenosis, kutanthauza kudzikhuthula, lochokera pa Afilipi 2:6-8, pomwe Paulo akuti Khristu pokhala ndi maonekedwe a Mulungu sanaumirire kufanana ndi Mulungu, anadzikhuthula natenga maonekedwe a kapolo, nadzichepetsa mpaka imfa ya pamtanda. Mipingo yambiri imaphunzitsa kuti sanasiye kukhala Mulungu, chomwe anasiya ndi ulemu ndi ufulu womwe unali wake. John Calvin ankayerekeza mmene Mulungu amadzitsitsira polankhula nafe ndi mlezi yemwe amalankhula chibwana ndi khanda kuti limumve, mlezi sanasiye kukhala wamkulu, watsika chifukwa mwanayo sangakwere.

Ife tinazolowera ndiye sizitidzidzimutsa, koma anthu akale zinkawanyansa zedi. Celsus, wanzeru wachikunja yemwe analemba motsutsa Chikhristu cha m'ma 178, ankanyoza kuti Yesu ndi mwana wa mayi wosauka wakumudzi wodya za kupota ulusi. Origen pomuyankha sanakane umphawiwo, anautembenuza nkukhala umboni, kuti munthu wopanda chuma, wopanda banja lotchuka, wochokera kumudzi wosadziwika, wagwedeza dziko kuposa akuluakulu ankhondo ndi anzeru otchuka. Ngakhale mkati mwa mpingo munali ena omwe zinkawavuta. Marcion, yemwe anachotsedwa mu mpingo wa ku Roma cha mu 144, anali ndi Luka wakewake wopanda machaputala a kubadwa, Yesu amangotulukira ali wamkulu ku Kaperenao. Panalinso ophunzitsa kuti Yesu ankangooneka ngati munthu koma analibe thupi lenileni. Tertullian wa ku Carthage anawayankha mosabisa mawu, kukamba za mimba, magazi ndi kulira kwa khanda, mfundo yake inali yakuti Mulungu sanachite manyazi ndi njira yomwe munthu aliyense amabwerera padziko, ndipo wonyansidwa nayo akunyansidwa ndi munthu yemwe Khristu anadzamuwombola. Ndiye modyera muja muli ndi ntchito yoteteza chiphunzitso, mumatikumbutsa kuti thupilo linali lenileni, linkamva kuzizira, linkafuna kuyamwa.

Kuchokera modyera kukafika kumanda

Akhristu akhala akuona kuti chiyambi ndi mathero a moyo wa Yesu zimafanana. Pobadwa anakulungidwa m'nsalu nkugonekedwa pamalo obwereka, pa Luka 23:53 akukulungidwanso m'nsalu nkugonekedwa m'manda osemedwa m'thanthwe, omwe Mateyu akuti anali a Yosefe wa ku Arimateya. Pakati pa ziwirizi pali mawu ake aja akuti nkhandwe zili ndi mauna, mbalame zili ndi zisa, koma Mwana wa Munthu alibe potsamira mutu (Luka 9:58). Mukaona zithunzi zopatulika za mipingo ya Orthodox, phanga amalijambula lakuda bii, modyera mooneka ngati bokosi la maliro lamwala, nsalu zomangidwa ngati za mtembo, ndipo amachita dala. Aphunzitsi akale monga Augustine anaonanso china, kuti modyera ndi poikapo chakudya, ndipo wogonekedwamo uja ndi amene anadzati Ine ndine mkate wamoyo, nkuzilumikiza ndi Mgonero wa Ambuye.

Kodi ndiye kuti umphawi ndi wabwino?

Funso ili ndi lofunika chifukwa nkhaniyi ikalalikidwa mosasamala imatha kumveka ngati ikuuza wosauka kuti akhale chete, Yesunso anavutika. Pamenepa ndimakana ndi mtima wonse, nyimbo ya Mariya ija siikuti anjala azolowere njala, ikuti akhutitsidwa. Komanso tisakokomeze, Yosefe anali ndi luso la manja, anali mmisiri, banjali silinali lopemphapempha, linali la anthu wamba odya thukuta lawo omwe lamulo limodzi la boma kapena mkwiyo wa mfumu zinkatha kuwasokoneza moyo wonse.

Pomwe Akhristu amasiyana ndi pa zoti tichite nazo chiyani. Ena, motsatira Francis wa ku Assisi ndi a moyo wodzipereka, amaona kuitanidwa kusiya chuma mwakufuna kwawo kuti afanane ndi Khristu. Ena amaona kuti Mulungu waima mbali ya osauka ndipo mpingo uyenera kuima komweko, kuphatikizapo kufunsa chomwe chikuwasaukitsa, maganizo omwe maepiskopi a Katolika a ku Latin America anawatsindika pa misonkhano ya ku Medellín mu 1968 ndi Puebla mu 1979. Ena amatsindika kudzichepetsa kwa mumtima, kuti munthu afike kwa Mulungu manja ali opanda kanthu kaya ndi wolemera kaya wosauka, ndipo amakumbutsa kuti anzeru a kum'mawa ndi golide wawo analandiridwanso. Baibulo lenilenilo lili ndi mawu onse awiri, Luka 6:20 akuti odala osauka, Mateyu 5:3 akuti odala osauka mumzimu.

Vesi yomwe imakokedwa mbali zonse ndi 2 Akorinto 8:9, yakuti Khristu ali wolemera anasauka chifukwa cha inu kuti inu mulemere ndi kusauka kwake. Alaliki ena amaiwerenga ngati lonjezo la chuma chogwirika, ena amati chuma chake ndi chipulumutso. Chothandiza kudziwa nchakuti Paulo analemba mawuwa ali mkati mosonkhanitsa thandizo la Akhristu osauka a ku Yerusalemu, ndipo mavesi otsatira akukamba zoti pakhale kufanana, wokhala ndi zambiri athandize wosowa. Martin Luther pa maulaliki ake a Khrisimasi ankawadzudzula anthu omwe amati akanakhala ku Betelehemu akanamuthandiza mwanayo, ankawafunsa kuti nanga bwanji sakuthandiza mnansi wovutika yemwe ali naye pafupi lero.

Kukokana kumeneku pakati pa kulemekeza Khristu ndi zinthu zamtengo wapatali ndi kukumbukira kutsika kwake kunayamba kalekale, ku Betelehemu komweko. Jerome, amene anamasulira Baibulo m'Chilatini, anakhala kumeneko kuyambira 386 mpaka imfa yake mu 420, ndipo pa ulaliki wina wa Khrisimasi anadandaula kuti Akhristu anachotsa modyera mwadothi nkuikapo mwasiliva, iye akanakonda kuona mwadothi muja. Koma anaonjezera kuti sakuwaweruza omwe anachita zimenezo pofuna kulemekeza Ambuye, monganso sangaweruze omwe anapanga ziwiya zagolide za m'Kachisi. Lero pansi pa phangalo pali nyenyezi yasiliva ya nsonga 14 yosonyeza malo obadwira, ndipo tchalitchilo amaliyang'anira mogawana a Greek Orthodox, a mpingo wa ku Armenia ndi Akatolika kudzera mwa ansembe a chipani cha Francis wa ku Assisi.